Wamva M'mimba Ndiye Anatsekula Chitseko

Sendera kuno, mdzukulu wanga, foniyo uyisiye kaye. Botolo limene wawatengera amayi ako aang'ono kuchipatala lija uliike pamwamba pa kabati, ana angalifikire. Ndakumva polowa ukudandaula kuti mzere unali wautali, munthu kuima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu chifukwa cha botolo limodzi. Sindikukutsutsa, mzere umatopetsadi. Koma mmene unalinyamulira botololo, ngati paketi ya mchere yogula pa okala, ndaona kuti palibe amene anakuuzapo njira imene linadzera kuti lifike m'nyumba muno. Iwe unabadwa mankhwalawa alipo kale. Ine ndinaika mwana m'manda asanafike. Ndiye khala pamphasapa, nyemba zija zipsa mochedwa lero.

Ndiyambira kutali, chifukwa nkhaniyi siinayambe ndi Edzi.

Ndili kamtsikana, m'zaka za m'ma 1950, ukati chipatala anthu ankamva kuti mishoni. Atsamunda anali nazo zipatala zawo, koma zinali kuboma, kutali ndi ife a kumudzi. Kuno ku Chiradzulu wodwala ankamunyamula pa machira kupita naye ku Nguludi kwa asisitere, ena ku Mbombwe, kumene Dr Daniel Malekebu, mwana wa konkuno amene anakaphunzira udokotala ku America, anabwerera mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya John Chilembwe. A ku Thyolo ankathamangira ku Malamulo, a m'chigawo chapakati ku Nkhoma, ku Likuni kapena ku Mua, a kumpoto ku Ekwendeni, ku Embangweni ndi ku Khondowe. Mu 1966 zipatala za mipingozi zinamanga bungwe limodzi kuti zizikambirana ndi boma zili pamodzi, ndipo ndi lomwe lero mukulitcha CHAM. Mpaka pano pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno limadzera m'manja mwawo, ndipo malipiro a antchito awo ambiri amachokera kuboma.

Phala limene unakulira iwe ku sikelo, la chimanga ndi soya lija, dzina lake likunena kwawo. Linayambira pa chipatala cha mishoni cha Likuni, pakati pa anthu amene ankaona ana otupikana tsiku ndi tsiku, ndipo dziko lonse linadzalitenga pambuyo. Khate nalonso chimodzimodzi. Ine akhate ndinawaona ndi maso angawa, zala zoduka, akudyera kuseri kwa nyumba m'mbale yawoyawo, ena atawapititsa ku Utale kapena ku Malamulo, abale n'kuwaiwala. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera bungwe la LEPRA ndi maganizo ena, akuti wodwala asachoke pakhomo pake, mankhwala ndiwo amutsatire. Ankayenda pa galimoto ndi pa njinga, tsiku lodziwika n'kuima pansi pa mtengo, anthu n'kubwera kudzalandira mapiritsi. Pofika 1994 khate linali litachepa kwambiri, ngakhale silinatheretu. Mtengo umenewo uwusunge m'mutu, tiwupezanso kutsogoloku.

Koma pali chinthu chimodzi cha nthawi ya a Kamuzu chimene inu a masiku ano simungachimvetse msanga. Mipingo ndi mabungwe ankaloledwa manja, pakamwa ayi. Manga chipatala, gawa phala, tsuka zilonda, palibe wokuletsa. Koma kuimirira pagulu n'kunena kuti apa ndondomeko ya boma ikupweteka anthu, ameneyo ankakagona ku Mikuyu. Nkhani ya kulera inali yoletsedwa kwa zaka zambiri. Mpaka mu 1982 m'pamene analola zoti mayi azipumulako pakati pa mwana ndi mnzake, ndipo a Banja La Mtsogolo anadzayamba mu 1987. Ine ana anga asanu ndi awiri ndinawabereka mondondozana, wina kumsana wina m'mimba, ndipo anamwino amene ankadziwa chochita ankangondiyang'ana mwachifundo, osatha kunena kanthu.

Ndiye Edzi itafika inapeza dziko lotseka pakamwa. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985. Ife kumudzi tinkangoona munthu akuonda, kutsegula m'mimba kosaleka, mashingozi, chifuwa, tsitsi kupepuka ngati la khanda. Ena ankati kanyera, ena tsempho, ena kaliwondewonde, ena magawagawa, ena ankangoti matenda a boma. Pamaliro wolankhula m'malo mwa banja ankati malemuwa adwala nthawi yaitali, anthu onse zii, aliyense akudziwa. Kuyambira mu 1988 amuna athu a Theba anayamba kubwezedwa kuchokera ku migodi ya ku Joni pa nkhani yomweyi ya kuyeza magazi, ndipo ambiri tinaphunzira pamenepo kuti kuyezedwa ndi chinthu choopsa, chochotsetsa munthu ntchito.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika anawerenga kalata ya maepiskopi ija. Anthu amaikumbukira chifukwa cha ndale, kuti ndiyo inalambula njira ya referendamu ya 1993. Koma m'kalata momwemo munalinso za kuthithikana kwa odwala m'zipatala, za kuchepa kwa ogwira ntchito, ndi za Edzi yomwe. Ine ndine wa Mvano, koma tsiku limenelo tonse tinamva ngati wina wachotsa chivindikiro pa mphika wowira. Amene kwa zaka zonsezo ankangotsuka zilonda anali atanena chimene chikuchititsa zilondazo.

Paja makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anatsegula chitseko chenicheni sanali mabwana, anali odwala eni ake. Mu 1993 kagulu ka anthu ochepa okhala ndi kachilombo kanayambitsa NAPHAM, n'kumayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi kunena poyera kuti tili nako ndife, tayang'anani, ndife anthu. Ku Salima kunali namwino wina, mayi Catherine Phiri, amene anapezeka nako amuna awo atamwalira. M'malo mobisala, mu 1994 anayambitsa bungwe la SASO losamala odwala ndi ana amasiye, ndipo mu 2000 bungwe la United Nations linawapatsa mphoto. Mu 1997 magulu oterewa analumikizana pansi pa MANET+. Uganize bwino, nthawi imeneyo kunalibe mankhwala. Woulula sankapindula kanthu, koma kutaya kokha. Ankamuthawa pa mjigo, mandasi ake osagulidwa, ana ake kusekedwa kusukulu. Ndiye ndikamva wina akuwatchula anthu amenewa mopepuka, mtima umandiwawa.

Usatiyese opusa ndikakuuza za mchape. Mu 1995 kunamveka kuti ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, bambo Billy Goodson Chisupe alota mankhwala a Edzi, amene anthu ankawatcha mchape. Anthu zikwi mazanamazana anapita, pa malole, pa mabasi, pa sitima, wapansi. Sankalipiritsa. Ine ndinapita ndi malume ako, tinagona panja, tinamwa. Sanachire. Koma khamu lija linkanena chinthu chimene a m'maofesi anayenera kumva, kuti anthu sakufuna kungouzidwa za kudziletsa pa wailesi, akufuna chakumwa choti achire.

Titabwerako ndinalowa gulu losamala odwala m'makomo. Anayambitsa ndi a mpingo, ndipo tinali amayi a mipingo yosiyanasiyana, Asilamu omwe, pakuti matendawa sankafunsa kumene munthu amapemphera. Anatiphunzitsa masiku ochepa n'kutipatsa kachikwama. Munali magolovesi, sopo, jivi wopaka zilonda za m'kamwa, panado, mankhwala oyera opaka pa mashingozi, nthawi zina ufa wa phala. Magolovesi akatha tinkavala majumbo a shuga m'manja. Ntchito yake inali kusambitsa munthu amene abale ake akumuopa, kumutembenuza kuti msana usachite zilonda, kuchapa zofunda, kusesa, kutunga madzi, kumumwetsa phala pang'onopang'ono ndi sipuni, ndi kukhala naye basi. Ambiri chimene ankafuna kwenikweni ndi munthu wowagwira dzanja. Tinkalemba m'kope dzina la wodwala aliyense, ndipo akamwalira tinkaika kamtanda pambali. Kope langa loyamba linatha ndi timitanda tokhatokha.

Masiku amenewo mwa akuluakulu asanu ndi awiri alionse m'dziko muno mmodzi anali nako, ndipo ku sikelo ya amayi oyembekezera ku Queens, mwa amayi khumi atatu ankapezeka nako. M'mbali mwa misewu ya m'tauni akalipentala anasiya mipando n'kumakhoma mabokosi. Adzukulu okumba manda ankachoka pa manda awa kupita pa ena makasu osatsuka. Kugona pa siwa kunasanduka ngati kwathu, minda n'kumera thengo.

Malume ako anali mphunzitsi. Mu 1999 tinagona naye m'chipatala china milungu itatu, ine gadiyani, pansi pa bedi. Tsiku lina namwino anandiitanira pakhonde, nayenso maso ali ofiira, n'kundiuza kuti amayi, mupite naye kunyumba, kuno tilibe choti timupatse. Sindinamukwiyire, ankanena zoona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nthawi yomweyo ku London ndi ku New York anthu a matenda omwewo anali atadzuka pa mphasa kale, chifukwa mankhwala ophatikiza mitundu itatu anali atapezeka mu 1996. Mtengo wake unali madola oposa 10,000 pa chaka kwa munthu mmodzi. Mphunzitsi wa pulayimale akanagwira ntchito moyo wake wonse osakwanitsa zaka ziwiri. Nditadzamva zimenezi ndinaliranso kachiwiri, ndipo kulira kwachiwiriko kunali kowawa kuposa kwa pamaliro. Mwana wanga anafa mankhwala alipo.

Za ku Joni tinkazimva kwa alamu anga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndi pa wailesi. Pa 10 Disembala 1998 kumeneko kunayamba gulu la Treatment Action Campaign. Mwezi womwewo mayi wina wa ku KwaMashu pafupi ndi Durban, Gugu Dlamini, anaphedwa ndi anthu a m'dera lake chifukwa choulula kuti ali ndi kachilombo. Gululo linayankha povala malaya olembedwa pachifuwa kuti ali nako, odwala ndi osadwala omwe, mpaka a Nelson Mandela anadzavala. Mtsogoleri wawo, Zackie Achmat, anakana kumwa mankhwalawo ngakhale akanatha kuwapeza, akuti mpaka osauka nawo atayamba kulandira. Mu 2000 pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Durban, kamnyamata ka zaka 11, Nkosi Johnson, kanalankhula pamaso pa dziko lonse, ndipo chaka chotsatira kanamwalira. Makampani 39 opanga mankhwala anali atasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo. Anthu anaguba, anadzaza bwalo la milandu ku Pretoria, ndipo mu Epulo 2001 makampaniwo anausiya mlandu. Chaka chomwecho kampani ya ku India ya Cipla inati ikhoza kupereka mankhwala a mitundu itatu aja pa madola 350 pa chaka, osakwana dola imodzi pa tsiku. Kenaka gulu lomwelo linatembenukira boma lawo lomwe, limene linkazengereza, ndipo mu Julayi 2002 khoti lalikulu kwambiri la kumeneko linalamula kuti amayi oyembekezera azipatsidwa nevirapine kuti ana abadwe opanda kachilombo.

Mtengo unatsika, koma panatsala chonena china. Akuluakulu ena a kunja ankati mankhwalawa sangatheke ku mudzi wa mu Africa. Madokotala kulibe, makina oyezera kulibe. Mkulu wa nthambi ya boma la America yoona za thandizo anafika ponena mu 2001 kuti anthu a kuno sadziwa wotchi, ndiye sangamwe mankhwala pa nthawi yake. Yankho la mawu amenewo linaperekedwa konkuno kwathu. Mu Ogasiti 2001 a MSF, madokotala opanda malire aja, anayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma cha Chiradzulu. Ku Thyolo anayamba mu 2003.

Amayi ako aang'ono tinawatengera ku Chiradzuluko pa njinga, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasa kuti angagwe. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za kumene ndikapeze ndalama ya bokosi. Anandifunsa ngati ndivomera kukhala wowakumbutsa kumwa mankhwala, ndinavomera. Wotchi tinalibedi. Tinali ndi tambala, tinali ndi nkhani za pa wailesi, tinali ndi dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri. Sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Patapita miyezi ingapo ndinadzuka m'mawa wina n'kumva mtondo ukulira panja. Ndinatuluka kuti ndione amene akusinja, ndipo anali iwowo. Ndinakhala pansi pakhonde, miyendo itandithera mphamvu. Anthu a m'mudzi amene ankawathawa anayamba kubwera usiku, mmodzimmodzi, kudzafunsa njira ya kumene akuyeza magazi. Zimene zikwangwani zinalephera kwa zaka khumi, mtondo uja unachita m'mawa umodzi.

Tsono mvetsa mmene chinthu cha m'boma limodzi chimasandukira ndondomeko ya dziko. Mu 2001 kunakhazikitsidwa National AIDS Commission. Mu 2002 maiko anayambitsa thumba la Global Fund, ndipo thumba limeneli linabwera ndi lamulo limene kale kunalibe, lakuti dziko lopempha ndalama likhale ndi komiti mmene muli boma, mipingo, mabungwe, komanso anthu odwala matendawo eni ake. Munthu amene dzulo ankamuthawa pa mjigo anapeza mpando pa tebulo limodzi ndi akuluakulu a unduna. A Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, analimbikira kwambiri pempho la Malawi, ndipo tinapatsidwa madola 196 miliyoni a zaka zisanu. Mu Febuluwale 2004 a Bakili Muluzi, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko ya Edzi, ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi matendawa. Pakati pa chaka chomwecho ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Izi zisanachitike, ku Queens ndi ku Lilongwe Central munthu ankalipira K2,500 pa mwezi, ndipo ambiri ankamwa mwezi umodzi, wotsatira ndalama yasowa. Mayi Catherine Phiri sanazione zimenezi. Anamwalira mu 2003, kutatsala chaka chimodzi.

Madokotala analidi ochepa, ndipo kukanati adikire dokotala, mzere umene ukudandaula nawowu bwenzi ukufika ku Limbe. Ku Chiradzulu ndi ku Thyolo anaonetsa kuti makiliniko ofesa ndi anamwino akhoza kuyambitsa munthu mankhwala, pa zipatala zazing'ono za kumudzi zomwe, ndipo alangizi a zaumoyo ndi odwala anzawo akhoza kuyeza magazi ndi kupereka uphungu. Unduna unatenga zimenezi, n'kuphatikiza ndi luso lake la pa chifuwa chachikulu: mankhwala amodzi kwa onse, kaundula mmodzi, khadi limodzi. Ku Tete, kwa abale athu a ku Mozambique, mu 2008 odwala ndi a MSF anayamba timagulu ta anthu osaposa asanu ndi mmodzi, kuti mmodzi azipita kukatengera anzake onse mosinthana, ndalama ya ulendo isamathe. Njira imeneyi inadzafika ku Thyolo mu 2012. Tsiku limene ndinaona kagulu kotere katakhala pansi pa mtengo wa mango kakuwerengerana mapiritsi, ndinakumbuka a khate aja. Mtengo unali womwewo.

Boma nalo ndilipatse ulemu wake pamene likuyenera. Mu 2011 akatswiri a unduna wathu anaona kuti makina oyezera chitetezo cha m'thupi ndi ochepa, ndipo amayi oyembekezera akutayika podikira zotsatira. Anagamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pomwepo, moyo wake wonse. Malawi ndiye anayamba, maiko ena ndi bungwe la WHO anadzatsatira pambuyo. Koma ngakhale pamenepo, mayi wouzidwa m'mawa kuti ali nako n'kupatsidwa botolo masana, amene ankamugwira mtima kuti asakalitaye m'chimbudzi anali mayi mnzake wa m'sapoti gulupu amene anadutsamo kale.

Pali nkhondo ina imene amayi anamenya okha, ndipo imeneyi ndimainyadira kwambiri chifukwa inali yovuta kuinena. Mankhwala oyamba aja, a Triomune, anali ndi stavudine mkati. Anatidzutsira ana athu, inde, koma patapita zaka anayamba kuwasintha thupi. Masaya kulowa, matako kuphwa, miyendo kuonda ngati bango mitsempha ili poyera, mimba kukula, ena linunda kumera pakhosi. Mapazi kutentha ndi dzanzi usiku wonse. Amayi ako aang'ono anasiya kupita ku maukwati chifukwa nkhope yokha inkawaulula. Amuna ena anathawa akazi awo. Ukadandaula, ena ankati thokozani kuti muli moyo. Ndipo ife tomwe tinkachita manyazi, kuti wopatsidwa chaulere angadandaule bwanji. Koma maiko olemera anali atawasiya kale mankhwala amenewo, ndipo WHO inali italangiza kuti asiyidwe. Amayi a m'magulu monga COWLHA ndi MANERELA+ anayamba kusonkhana m'maboma, kuonetsana matupi awo, kulemba zimene aliyense akumva. Mu 2012 anakasonkhana ku Lilongwe n'kukaika nkhaniyi pamaso pa unduna ndi pulezidenti Joyce Banda. Kuyambira mu 2013 anthu anasinthidwa kupita ku mankhwala a tenofovir, amene tinkawatcha 5A. Ndalama ndi mapulani zinali za unduna ndi Global Fund, sindikukana. Koma amene anaima pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti tayang'anani thupi langa anali mayi wa kumudzi.

Ya 2017 ndiye unali utakula, mwina ukuikumbuka. Ku Nyumba ya Malamulo kunapita bilu ya Edzi, ndipo mkati mwake munali zokakamiza anthu ena kuyezedwa, monga amayi oyembekezera, antchito a m'nyumba ndi asilikali, komanso zomanga munthu woganiziridwa kuti wapatsira mnzake. Pongomva zimaoneka zabwino. Koma ife amene takhala ndi odwala tinkadziwa amene akamangidwe. Amene amayamba kudziwika kuti ali nako ndi mayi, chifukwa ndiye amapita ku sikelo, bambo ali phee kunyumba osayezetsa. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho khoti lalikulu ku Zomba linali litamasula mayi wina amene anamangidwa pa nkhani yoyamwitsa mwana iye ali ndi kachilombo, chonsecho ankamwa mankhwala. Ine ndinakumbuka a Theba aja, ndi mmene kuyeza kokakamiza kunatithawitsira tonse kwa zaka. Amayi okhala ndi kachilombo, pamodzi ndi maloya a mabungwe, anapita kukakumana ndi aphungu, kuwafotokozera za moyo wawo mmodzimmodzi. Mu Novembala 2017 lamulo linadutsa, koma ndime zokakamiza ndi zomanga zija zitachotsedwa.

Usaganize kuti ndikuti bungwe lililonse ndi loyera. Ndalama zitachuluka, mabungwe anamera ngati bowa wa m'dzinja. Ena anali chikwangwani chokha ndi chikwama. Ena ankabwera pa galimoto zikuluzikulu, kutijambula zithunzi tili ndi odwala athu, kutilembetsa maina, osaonekanso. Kunabwera matenda a alawansi, oti munthu sapita ku msonkhano wa za moyo wa mwana wake yemwe ngati kulibe ya m'thumba, ndipo matenda amenewo anatigwira ndi ife a kumudzi tomwe. Maphunziro ankachitikira ku mahotela a kunyanja pamene ife magolovesi atatha. Chinanso chinkandipweteka n'chakuti mwini ndalama ndiye ankasankha nkhani. Chaka chino akuti ana amasiye, chaka chamawa akuti zina, gulu n'kusiyidwa panjira ngati nkhuku yonyowa. Ine muyeso wanga unali umodzi: kodi m'bungwemo muli munthu amene nkhaniyo ikumupweteka m'thupi mwake, ndipo akaimirira kulankhula ena amakhala chete? Amene ankakwana pa muyeso umenewu ndi amene anasintha zinthu. Enanso, monga a Malawi Health Equity Network, ntchito yawo ndi yowerenga bajeti ndi kukumbutsa boma lonjezo la ku Abuja la 2001, loti 15 kwacha pa 100 iliyonse izipita ku zaumoyo. Ntchito imeneyo ilibe zithunzi zokongola, koma panado akasowa pa chipatala chathu, funso limayambira kumeneko.

Lero anthu oposa 800,000 m'Malawi akumwa mankhwalawa, piritsi limodzi pa tsiku, ndipo ambiri amalandira a miyezi ingapo nthawi imodzi. Koma pafupifupi onse amagulidwa ndi ndalama za kunja. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, unaona wekha mmene zinakhalira. Anthu ena amene ankayeza magazi, kulemba makadi ndi kulondola osiya mankhwala anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Usiku umene tinamva nkhaniyo amayi ako aang'ono anakhuthulira mapiritsi awo pa mbale n'kuyamba kuwerenga, ndipo ine ndinaona nkhope imene ndinaiona komaliza mu 2001.

Gulu lathu lija likadalipo, ngakhale mwa amene tinayamba tatsala atatu. Likumana Lachinayi masana pa mango paja, kuseri kwa tchalitchi. Akufuna kulemba kalata yopita ku komiti ya pa chipatala ndi kwa aphungu athu, yofunsa kuti pa bajeti ikubwerayi boma laikapo zingati zogulira mankhwalawa ndi ndalama zathuzathu, ndiponso kuti ndani azilondola anthu amene asiya kubwera. Maso anga sakuonanso mizere ya m'kope, ndipo mlembi wathu anamwalira chaka chatha. Ubwere ndi cholembera. Kope lakale lija lili m'sutikesi pansi pa bedi, ulitenge, masamba akumapeto akadali oyera.